Kusula Zitsulo ku Chifunde: Zimene Zimavuta Wophunzira

M'maiko monga America muli anthu amene amadzazanso okha makatiriji a mfuti pa makina ochita ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo vuto la oyamba kumene limakhala kuthira onga kawiri kapena kusathira konse. M'boma la Chifunde, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi m'chigawo cha Tete, luso loyandikana ndi limenelo linali m'manja mwa osula, amene kale ankakonza gogodela, mfuti yodzazira onga ndi chipolopolo kukamwa, imene Achikunda ankasakira njovu m'zaka za m'ma 1800. Usuli unalipo mfutiyo isanafike, pakuti António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, analemba za ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo. Lamulo la Mozambique la zida ndi zipolopolo, la mu 2007, linaletsa munthu kupanga mfuti popanda chilolezo, motero nzeru imene inkalimbitsa sipuling'i ya gogodela inatsalira pa nkhwangwa, sompho, zikwanje ndi makasu.

Wophunzira amayamba ndi mvukuto, chida chopemerera mpweya pamoto, chimene kale chinkasokedwa ndi chikopa cha mbuzi koma masiku ano ena amachipanga ndi gudumu la njinga lozunguza chopemerera. Ntchitoyi imaoneka yachibwana, komabe ndi pamene cholakwa choyamba chimabadwira, chifukwa mnyamata wofuna kuonetsa mphamvu amavukuta mosalekeza mpaka chitsulo chiyere ndi kuyamba kuthetheka, ndipo chitsulo chimene chathetheka chapsa, sichingabwererenso, chimangonyenyeka nyundo ikachikhudza. Makala a tsanya, amene osula amawakonda chifukwa amakhalitsa, amakulitsa ngoziyi pakuti moto wake ndi waukali. Cholakwa chachiwiri ndi chosemphana ndi choyambacho: kupitiriza kumenya chitsulo chitasiya kufiira, kumene kumasiya ming'alu yosaoneka imene imadzaonekera kumunda, msuka wa khasu, ndiye kuti kamchira kolowa mumpini, ukathyoka pakati pa mzere.

Chovuta kwenikweni, chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi womenya nyundo chabe, ndi kulimbitsa. Chitsulo chokhala ndi kaboni wokwanira, monga masipuling'i akale a galimoto amene osula ambiri amadalira, chikatenthedwa mpaka kufiira kenaka n'kuviikidwa mwadzidzidzi m'madzi kapena m'oyilo wotha ntchito, chimauma kwambiri, koma kuumako kumabwera ndi kukhadzuka ngati galasi. Pamenepa wophunzira amasokonezeka, popeza nkhwangwa imene yatuluka m'madzi imalira bwino ikagogodedwa ndipo tupa sailuma, iye n'kuganiza kuti ntchito yatha, pamene yangofika pakati. Chitsulocho chiyenera kupalidwa kuti chiwale, kenaka kutenthedwanso pang'onopang'ono, wosula akuyang'ana mitundu imene imayenda kuchokera kumsana kupita kukamwa kwa nkhwangwa: choyamba chikasu chotuwa pa madigiri pafupifupi 220, kenaka kuderako, pomaliza buluu pa madigiri pafupifupi 300. Mpeni umaimitsidwa mtundu ukadali wachikasu, nkhwangwa yodulira mitengo yolimba imapitirizidwa pang'ono kuti isamabenthuke, ndipo sipuling'i imafuna buluu kuti izipindika n'kubwerera. Mitunduyi imathamanga, ndipo amene wacheuka kuti ayankhe moni wa wodutsa amapeza buluu atafika kale kukamwa, chida chitafewa.

Chipala, malo osulira, chimakhala pamthunzi kapena m'chisakasa. Ena amayesa kuti osula amabisala kuti luso lisabedwe, ndipo mwina pali choonadi pang'ono pamenepo, koma chifukwa chachikulu n'chakuti padzuwa la mu Okutobala la m'chigwa cha mtsinje wa Luia diso silingathe kuweruza kufiira kwa chitsulo, ndipo chimene chikuoneka chakuda chingakhale chitapitirira kale muyeso. Amene diso lake silinazolowere angathandizidwe ndi maginito ochotsa mu sipika ya wailesi, pakuti chitsulo chimaleka kukokedwa ndi maginito chikafika madigiri pafupifupi 770, ndipo kutentha koyenera kuviikira kuli pamwamba pang'ono pa pamenepo.

Pali cholakwa china chimene sichichokera m'manja koma pogula. Zitsulo za migolo, ndiponso zambiri mwa zomangira nyumba, zili ndi kaboni wochepa, kotero ngakhale ziviikidwe kangati sizilimba, ndipo wophunzira amadzida yekha kapena kukayikira madzi pamene vuto linali chitsulocho. Mmisiri wozolowera amadula kachidutswa, n'kukatentha, n'kukaviika, n'kukamenya pa chosulira: kakathyoka, chitsulocho n'choyenera nkhwangwa, kakapindika, chimapita ku mbaula ndi mahinjesi a zitseko.