Ndili ku Chambe, osati ku Chembe

Mauthenga anu mu gulupu ndawaona. Ena mukuti ndasowa, ena mukuti a ku Mulanje andidyetsa kalongonda ndaiwala kwathu. Ndilipo, ndili bwino.

Koma tikonze kaye kanthu kamodzi. Ndili ku Chambe, osati ku Chembe. Mwezi watha mnzathu wina anandiimbira kuti, "Aise, ndafika pa Cape Maclear, uli mbali iti?" Man, kuchokera pamenepo ubwerere ku Mangochi, udutse Liwonde, Zomba, Limbe, ukatsike pa Chitakale, kenako utenge msewu wa ku Phalombe mpaka cha ku Likhubula. Kuno kulibe nyanja, kuli mwala. Ndikatuluka m'nyumba m'mawa, chimene chimandilonjera ndi khoma la phiri la Chambe, lija limatalika mamita pafupifupi 1,700, limene azungu okwera miyala amachokera kutali kudzalimbana nalo. Mwana wozolowera kuona madzi mpaka pamene maso athera, miyezi yoyamba ndinkangomva ngati wina wanditsekera chitseko.

Tsono chimene chandisowetsa ndi ichi: ndikuwerenga. Ndikukalembanso mayeso olowera ku Law ku Chanco. Mwamva bwino, ndati kukalembanso. Chaka chatha ndinalemba, dzina langa silinatuluke, ndipo sindinauze aliyense kupatula mayi. Ulendo uja ndinakunamizani kuti ndapita ku Zomba kukaona wodwala, wodwalayo ndinali ine.

Kwa ang'onoang'ono amene muli ku sekondale ndipo mumandifunsa ku inbox: ku University of Malawi Law sakutengera pa MSCE yokha ngati makosi ena. Uyambe waphunzirako ku koleji ndi kukhoza bwino, kapena ukhale ndi digiri kale, ndiye ufunsire malo. Akakuyenereza amakuitana ku mayeso olowera. Ukadutsa pamenepo pali zaka zinayi za LLB, ndipo ukamaliza sudzuka n'kuvala mkanjo wakuda ayi, pali Malawi Institute of Legal Education kutsogoloko usanaloledwe kuimira munthu m'khoti. Ndi ulendo wa pabwato, osati wa pa injini. Zofunika pofunsira malo zimatha kusintha, ndiye muziwerenga nokha chidziwitso cha chaka chimenecho, osadalira za m'maluwa.

Ena mukudziwa kale chimene chinandipatsa mtima umenewu. Ndinali folomu 1. Kunali m'mawa wa mu November, bambo ndi anyamata awo akungomaliza kukoka khoka. Panatulukira boti la injini. Anthu aja sanachite phokoso. Anapinda khoka lathu lonse n'kulikweza, wina n'kutulutsa pepala lolembedwa m'Chingerezi. Bambo sadziwa kuwerenga. Anawagwira dzanja, n'kupaka inki chala chachikulu, n'kudinda. Ine ndinaima pomwepo, Chingerezi changa cha folomu 1 chili m'thumba, osatsegula pakamwa. Pepalalo anapita nalo, ife sanatisiyire ngakhale kachidutswa. Khoka limenelo linali la ngongole. Temu yotsatira mlongo wanga anakhala pakhomo kuti ine ndipitirize sukulu, ndipo sanabwererenso.

Inki ija inakhala pa chala cha bambo masiku atatu. Ankayesa kuichotsa ndi mchenga.

Ndiye mukuona, ine ku mayeso a chaka chatha ndinapita ndi mkwiyo wa zaka zoposa khumi. Ndinaloweza Constitution ngati mavesi a Sande sukulu. Ukandidzutsa pakati pa usiku ndinkatha kukuuza kuti gawo 42 limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ndinkadziwa kuti pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 2019. Zonsezo ndinanyamula, koma nditakhala pa desiki ndinapeza kuti palibe akundifunsa kuti ndilakatule. Ankafuna aone ngati ndingawerenge nkhani mwachangu, kumva chimene ikunena ndi chimene sikunena, n'kulemba ganizo langa mwadongosolo nthawi isanathe. Ine ndinalemba ngati ndili pa msonkhano wachipani. Wolakwa panalibe wina, ndinali ndekha.

Kuno ndinabwera chifukwa cha ntchito. Ndimaphunzitsa Chingerezi ndi History pa kasukulu kena kapulaiveti, malipiro ake musandifunse. Pafupi ndi pamene ndikuchita lendi pali madala ena opuma pantchito, anagwira zaka zambiri ngati womasulira m'khoti la majisitireti. Masiku ano amalima chinanazi ndi kuweta nkhunda. Tsiku lina anandipeza pakhonde ndikulimbana ndi mafunso a LSAT, mayeso amene a ku America amalemba akafuna kulowa sukulu ya malamulo. Ndinawapeza pa intaneti, ndipo ngakhale si ofanana ndi athu, amanola mutu: amakupatsa kandime, n'kukufunsa kuti mfundo ya wolembayo yatsamira pa chiyani, nanga ingagwe ndi chiyani. Madala aja anafunsa kuti, "Aphunzitsi, Law mukuifuniranji?" Ndinawafotokozera nkhani ya khoka yonse, mawu akunjenjemera. Ndinkayembekezera kuti anena kuti pepani.

Anangoti, "Chabwino. Loweruka mundibweretsere masamba awiri. Mukhale loya wa anthu amene analanda khokawo."

Ndinati, "Agogo, mwina simunamve bwino. Khoka linali la bambo anga."

"Ndamva. Zaka zonse zija ndinkaima pakati, kumasulira mawu a wodandaula ndi a wodandaulidwa, pakamwa pomwepa. Amene ankabwera akudziwa mbali yake yokha ndi amene ankatuluka akulira."

Anzanga, sabata imeneyo sindinagone bwino. Lolemba ndi Lachiwiri pepala linali loyera. Lachitatu ndinayamba kulemba, ndipo chimene chinandiopsa n'choti mfundo sizinavute kupeza. Zinali m'mutu mwanga kalekale, ndinkangozikhalira. Unali mwezi wa November, ndipo tonse a kugombe timadziwa kuti pa 1 November makoka amaletsedwa chifukwa chambo chimakhala chikuswana m'madzi osaya. Timadziwa kuti chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndiye ukakoka chimodzi wapha mtundu. Lamulo lake lilipo, Fisheries Conservation and Management Act ya 1997, ndipo a komiti ya pagombe, a BVC, anali atalengeza. Chinanso, chimene sindinauzepo munthu: ku thumba la khoka lija tinasokererako neti ya udzudzu. Ndinathandiza nawo kusoka ndine. M'mawa umenewo pamchenga panali kasawala wambirimbiri, tina tating'ono ngati chala changa chakanise.

Ndinalembanso za ku Mbenji ku Salima, kumene mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka okha usodzi nyengo ya mvula kuyambira kalekale, popanda kudikira boma, ndipo akatsegula nsomba zimaoneka. Ndinalemba za Malombe, mmene chambo chinathera m'maso mwa makolo athu. Nditafika pa mzere womaliza ndinapeza kuti ndawina mlandu, ndipo amene ndawagonjetsa ndi bambo anga.

Loweruka madala anawerenga mwakachetechete, magalasi ali pamphuno. Anakonza Chingerezi malo atatu. Kenako anati, "Tsopano mukhale loya wa bambo anu. Koma zija mwalemba apazi musazikane, chifukwa ndi zoona."

Apa ndi pamene ndinaona chimene ndinkaphonya zaka zonsezi. Ine ndinkakuwa kuti khoka silikanayenera kulandidwa. Mlandu umenewo ndi woluza. Mlandu weniweni wa bambo uli pa pepala lija. Munthu angadinde bwanji chala pa mawu amene sanawerengeredwe? Ankavomera chiyani? Bwanji sanapatsidwe lawo pepala? Khokalo linapita kuti, analamula ndani, ndipo akanafuna kudandaula akanagogoda khomo liti? Gawo 43 la Constitution, limene ndinaliloweza chaka chatha osalimva, limanena zimenezi: wa udindo akachita chinthu chokhudza ufulu wako, achite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo akupatse zifukwa zake zolembedwa. Munthu akhoza kukhala wolakwa pa nsomba, koma n'kulakwiridwa pa pepala. Zonse ziwiri pa m'mawa umodzi, pa gombe limodzi.

Masamba amenewo anali afupi kuposa oyamba aja, opanda mawu aukali ngakhale amodzi. Madala anangogwedeza mutu n'kupita kukamwaza chimanga kwa nkhunda zawo.

Kuchokera pamenepo kawerengedwe kanga kasintha. Ndikagula bandulo sindiyambira pa Facebook, ndimapita pa MalawiLII pamene pali zigamulo za makhoti athu zaulere. Ndimawerenga chimodzi, n'kulemba m'mawu anga zinthu zitatu: nkhani inali yotani, funso linali lotani, jaji anayankha bwanji ndipo chifukwa chiyani. Chimene chinandigwira mtima ndi cha Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene anamangidwa mbandakucha akupita ku geni yake, pa mlandu uja timati vakabu. Mu January 2017 High Court inagamula kuti ndime ya Penal Code imene anamumangira ikutsutsana ndi Constitution. Wogulitsa majumbo, anzanga. Ndi angati a ife amene tinathamangitsidwapo usiku tikuchokera kokokera usipa, osadziwa kuti nkhani yotere ingafike pamaso pa majaji?

Ndipo amene mumati za maloya ndi za ana a m'tauni, kumbukirani kuti Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala barrister, anali wa ku Nkhata Bay, wa kunyanja ngati ife. Anakhala nduna ya zachilungamo, koma mu 1983 iye ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti la mafumu mmene loya sankaloledwa kuimira munthu. Anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, tauni yomweyo imene ndikupita kukalemba mayeso. Ndikaganiza zimenezo ndimasiya kudandaula za kuzizira.

Kuzizira kwake ndiye kulipo. Chiperoni chikabwera kuno kumachita masiku atatu kukungowaza, zovala osauma, phiri lonse osaoneka. Ndimadzuka 3 koloko, nthawi imene anzanga a kauni mumakhala mukubwerera ndi nyali zanu, ndimafunda bulangete n'kuyatsa tochi ya foni. Ndimadziikira mphindi 40, nkhani imodzi, osapitirira. Loweruka lina anyamata onyamula katundu wa alendo pa Likhubula ananditenga kukwera njira ya Skyline mpaka ku Chambe Hut. Iwo akuthamanga ndi zikwama pamutu, ine wopanda kanthu ndikupempha madzi. Pamwamba anandionetsa zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene anthu anaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mmodzi anati bambo ake ankacheka matabwa komweko usiku, ndipo ndi ndalama imeneyo iye anaphunzira mpaka folomu 2. Sindinamuyankhe. Ndinangoona kasawala uja pamchenga.

Za ndalama ndisabise. Yofunsira malo, yotsimikizira mapepala, thiransipoti ya ku Zomba, zonse zachokera mu usipa. Mayi amautumiza pa minibasi m'katoni ya sopo, ine n'kumagulitsa kwa aphunzitsi anzanga ndi amayi a pa msika. Kuno usipa wa ku Mangochi ndi golide. Ana asukulu ayamba kunditchula kuti Sir Usipa, akuganiza kuti sindikudziwa. Mlongo wanga uja, amene anasiyira ine sukulu, ndiye amayanika pa thandala ndi kulongedza. Ndikalakwanso chaka chino, sindikudziwa kuti ndikamuyang'ana bwanji, ndipo kachitatu sindingapemphe.

Lamulungu lapitali ndinalimba mtima ndinawaimbira bambo. Ndinawauza zonse, kuti ndinalephera chaka chatha, ndi kuti ndalemba masamba awiri owatsutsa iwowo. Ndinawamasulira m'Chichewa mzere ndi mzere. Anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati netiweki yathawa. Kumbuyo kwawo ndinkamva mafunde, mwera unali utayamba.

Kenako anati, "Ndinkadziwa kuti nyanja ndi yotseka. Koma mwini ngongole sankatseka."

Ndinati, "Ndamva, bambo."

"Nanga pepala lija linkati chiyani?"

Ndinati sindikudziwa. Zaka zonsezi sanandifunsepo, ndipo ine ndinkaganiza kuti anaiwala.

Anaseka pang'ono, n'kuti, "Tsono ukadzakhala loya, udzaimira ine kapena chambo?" Ndisanayankhe mayunitsi anatha. Mpaka lero sindinawaimbirenso, ndikudikira malipiro a mwezi uno, komanso yankho lake ndikadalisakabe.

Ndinyamuka Lachinayi m'mawa. Amene muli ndi m'bale ku Zomba, cha ku Chikanda kapena Matawale, woti angandisunge masiku awiri, ndilembereni ku inbox. Mphasa ndibwera nayo, usipanso ndibwera nawo. Ndipo wina amene ali pafupi ndi kwathu akawauze mayi kuti katoni ya sabata yatha inafika, koma ulendo uno asamangire ndi chingwe cha khoka, kondakitala anavutika kumasula.