Tisamangodikira chizimalupsa

Area 13, Lilongwe
Okutobala

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Malingundeko. Kuno tadzuka, kungoti ana akutsokomola usiku wonse. Si chimfine ayi, ndi utsi. Nkhani yake ndiyo yandigwiritsa cholembera.

Lachitatu lapitali, dzuwa lili paliwombo, tchire la kuseri kwa mpanda wathu linapsa. Tinayamba kumva kuthetheka kwa tsekera, kenaka phulusa lakuda n'kumagwera pa zovala zomwe tinayanika. Kunabwera kamvuluvulu n'kunyamula moto kuwolotsa msewu ngati mwana akudumpha ngalande. M'mwamba akabawi anali piringupiringu kuwakha ziwala zothawa utsi. Alonda a m'maofesi oyandikana nafe anathyola nthambi zaziwisi n'kumapuntha, ife tikuthamanga ndi zidebe. Pofika madzulo tinapulumutsa nyumba, koma mbawa zimene tinabzala mu Januwale, zomwe tinajambulitsa nazo zithunzi titavala malaya ofanana, zinasanduka timitengo takuda.

Moto usanazime n'komwe, mlandu unali utagamulidwa kale. Aliyense ankati ndi anyamata osaka mbewa. Ine ndinavomera nawo, mpaka m'mawa mwake pamene ndinalondola lupsa kukafika pomwe moto unayambira. Amalume, munali pa dzala lathu lomwe. Ndi ine amene ndinauza mnyamata wotithandiza pakhomo kuti akoleze masamba amene anasesa, ine n'kunyamuka kupita kuntchito. Manyazi ake sindinawaone.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikupenyetsetsa utsi wa mumzinda uno. Ife a m'tauni timakonda kunena kuti kutentha tchire ndi khalidwe la kumudzi, chonsecho machesi ambiri ali m'matumba mwathu. Wina akutentha zinyalala. Wina akusosa kamunda ka pa poloti yopanda nyumba, waunjika mapesi, wayatsa, wapita. Mlonda akuopa kuti akuba ndi njoka zibisala mu udzu wautali, ndiye angoyatsa kuti aziona patali. Wosuta waponya kotsalira ka ndudu ali pa kabaza. Osaka mbewa aliponso ndithu, koma kodi amaima ndi galimoto pa M1 kugula mbewa zapampani ndani? Si ife tomwe a mataye?

Paja likulu litasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, okonza mzinda anasiya dala malo a mitengo ndi udzu pakati pa ma Area. N'chifukwa chake munthu ukachoka ku Old Town kubwera ku City Centre umadutsa nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, momwe muli Lilongwe Wildlife Centre, ndipo pafupi ndi Capital Hill pali munda wa boma wosungirako zomera. Kukongola kwa Lilongwe n'komweko. Vuto ndi lakuti tchire lambiri la pakati pa mipanda yathu lili ngati mwana wamasiye. Kwanuko munthu akatenthetsa udzu wofolera wa mnzake amakaima pabwalo, nkhuku kapena mbuzi n'kutuluka m'khola. Kumanda mumalambula chaka ndi chaka, ndipo ndi chifukwa chake mitengo ya kumanda imakhala yobiriwira mudzi wonse utayera mbee. Kuno aliyense amasesa mpaka pageti pake. Kunja kwa geti amati n'kwa khonsolo.

Ndakumbuka zimene munkatiphunzitsa tikuweta ng'ombe, kuti moto uli pawiri. Wa mu Meyi ndi Juni, udzu ukadali ndi chinyontho, umayenda chokwawa, umasiya zigamba, ndipo usiku mame amauzimitsa okha. Wa mu Seputembala ndi Okutobala umakwera mpaka kunsonga, umapha mphukira za mombo ndi misuku, umathamangitsa njuchi, umanyambita masamba onse amene akanaola n'kudyetsa nthaka. Ndinkayesa nkhambakamwa za akuluakulu. Lero ndamva kuti alangizi a zankhalango amaphunzitsa zomwezo: kulimira njira zotchinga moto mvula ikangosiya, ndi kutentha msanga mosamala kuti moto wolusa wa m'chilimwe usapeze chakudya. Akale sananame, moto umapita kumene kwatsala tchire.

Chimene chandisowetsa tulo kwambiri ndi madzi. Amene ndimatunga pampopi kuno ndi omwewo amene amadutsa kumunsi kwa dimba lanu. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'Dzalanyama, n'kudzasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenaka a Lilongwe Water Board n'kuwayeretsa kuti atipatse. Phiri likapsa nthaka imatsala yamaliseche. Mvula yoyamba m'malo molowa pansi imakokolola dothi ndi phulusa kukathira m'damu, damu n'kumakwiririka, akasupe n'kumaphwa msanga. Mu 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera nkhalangoyo chifukwa cha owotcha makala, ndipo makalawo mbaula zake zili kuno. Ku Chikangawa, komwe kunabzalidwa paini pa mahekitala 53,000, moto wa chaka ndi chaka wathandizana ndi macheka kusandutsa mapiri ambiri kukhala zitsa zokhazokha. Nawo a ESCOM amadandaula chilimwe chilichonse kuti moto wa m'tchire ukuwagwetsera mapolo, ife n'kumatukwana mdima osadziwa kuti tinauyatsa tokha.

Lamulo lilipo. La zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo mu 2020 aphungu analikonzanso n'kukhwimitsa zilango. Koma lamulo silinyamula chikwanje. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala timakhamukira kokumba mayenje, nyimbo ndi zoyankhula zili pakamwa. Ikafika nthawi yotchetcha ndi kulimira mu Meyi, osaoneka ndi mmodzi yemwe. Tikatero timangoyang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa, ngati kuti mvula ndi wantchito wathu wozimitsa moto.

Loweruka tinakhala pansi, ife okhala mumsewu uno, alonda, ndi amayi ena ophika nsima pamsika wa Area 13 amene amadutsa njira ya m'tchireli mbandakucha. Ndinaulula za dzala lija. Anthu anaseka, koma kenaka aliyense anayamba kuulula zake. Tagwirizana kuti masamba tizikwirira m'dzenje apange manyowa, udzu wa kunja kwa mipanda tizitchetcha usanaume n'kupatsa ofuna kufolera, ndipo nambala ya ozimitsa moto a khonsolo ikhale m'foni ya mlonda aliyense. Mbawa zija tazisiya, poti wina wati zina zikhoza kuphukira patsinde.

Chotsala n'chimene ndikukupemphani. Pa gulu lonseli palibe amene akudziwa kutentha msanga: kuona komwe mphepo ikuchokera, ola loyatsira, ndi kukula kwa njira yolimira. Ena ali ndi madigiri awiriawiri, koma tonse tinangoyang'anana. Mukakolola chaka chamawa, bwerani mudzakhale nafe sabata imodzi mudzatiphunzitse. Tidzayamba tapempha chilolezo kukhonsolo, ndipo thiransipoti ndidzatumiza pafoni. Musaiwale kubwera ndi khasu lanu lija la mpini wa muwanga, chifukwa athu a m'sitolo amaguluka pa chibuma choyamba.

Moni kwa onse, makamaka agogo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Area 13