Nkhono imadikira, chilonda sichidikira

Abale anga a ku Chipata, ku Tete, ku Harare, ku Joni ndi kuno kwathu ku Malawi, ndikulemba izi khutu lakumanzere lili lomata ndi bandeji. Aka nkachitatu khansa yapakhungu kundigwira.

Ndine mayi wachialubino, mphunzitsi wa kupulayimale. Khungu lathu lilibe melanini wokwanira, chinthu chimene chimatchinjiriza anzathu ku cheza cha dzuwa, choncho dzuwa lomwe limakhwimitsa chimanga limatipsereza ife pang'onopang'ono. Ndili mwana ndinkalima ndi kutunga madzi masana opanda chipewa, ndipo ngongole ya zaka zimenezo ndikubweza tsopano.

Poyamba kanali kachilonda pamlomo wam'munsi. Kankachita nkhanambo, nkhanamboyo nkugwa, kenako nkuyambanso. Ndinkati ndi mphepo ya mwezi wa June. Nditapita kuchipatala miyezi inali itadutsa, ndipo anachita kudula mbali ya mlomo. Kachiwiri kanatuluka pakhosi. Aka kachitatu kanasankha khutu, pamene chipewa changa chakale sichinkafika.

Mpeni wa dokotala sindiuopanso. Chimene chimandidya mtima ndi kudikira. Ndimanyamuka tambala woyamba asanalire kuti ndikapeze malo pabenchi. Tsiku lina amati dokotala wa khungu sabwera mpaka sabata yamawa. Akadula kanyama nkukatumiza ku labotale, ndimawerenga masabata, pakuti akatswiri oyeza tinyama totere ndi owerengeka m'dziko muno. Zotsatira zikabwera, pamayamba mzere wina wodikira opaleshoni. Sindidzudzula anamwino, ndawaonapo akugwira ntchito mpaka madzulo osaika kanthu kukamwa. Komabe nthawi yonseyi chilonda chimakhala chikukula, ndipo ndalama ya minibasi imachoka pa ndalama ya ufa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwambiwu ndinkaukonda, koma khansa yandiphunzitsa malire ake. Kudekha kwa munthu wongokhala pakhomo kuyembekezera kuti amuitana kukanandipha. Ndinaphunzira kudikira ndili chilili.

Kudikira kotereku kuli ndi ntchito zake. Lamlungu lililonse mwana wanga wamkazi amandiyang'ana kuseri kwa makutu, m'khosi ndi kumsana, malo amene galasi silindionetsa. Akapeza pokhakhala kapena kachilonda kosapola, timakajambula pafoni titaika rula pambali, ndipo ndimalemba tsiku m'kabuku ka chipatala. Zithunzi zimenezi zinandithandiza ulendo uno: dokotala ataona mmene chilondacho chinakulira m'masabata ochepa, anandisunthira patsogolo pamzere. Ndisanachoke m'chipinda ndimafunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, ndibwerenso liti, nanga zotsatira ndikazifunse kwa yani?" Tsikulo likakwana ndimapita, aitane asaitane.

Ndinaphunziranso kuti malo okhakhala aja, akapezeka msanga, amangowaumitsa ndi nayitirojeni wozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa. Nchifukwa chake sindiphonya makiliniki oyendayenda a khungu, monga amene bungwe la Standing Voice limachititsa, kumenenso timalandira mafuta oteteza kudzuwa. Ndimadzola a SPF 50 m'mawa ndi kubwerezanso masana, ndimavala malaya a manja aatali ndi chipewa cha khonde lalikulu, ndipo kumunda ndimaweruka dzuwa lisanakwere.

Koma usiku ndi wautali. Pali masiku amene ndimagona ndikupapasa m'khosi kufufuza zotupa, poopa kuti matenda alowa mkati. Tsiku lina mwana wanga anandifunsa akundisintha bandeji, "Amayi, kodi ulendo uno akadula zithera pomwepo?" Ndinafuna kumunamiza, koma ndinati, "Mwanawe, mwina zidzabweranso. Zikadzabwera tidzazipeza zikadali zazing'ono, chifukwa maso ako ndi akuthwa." Anaseka misozi ili m'masaya, nkupitiriza kumata.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi mokha. Dziko limatikumbukira pa 13 June, ndipo limalankhula kwambiri za achiwembu otisaka. Nzoona, amenewo timawaopa. Koma anzanga ambiri amene ndawaperekeza kumanda anatengedwa ndi kachilonda kamene kanadikira nthawi yaitali, kwinaku kunyumba, kwinaku pamzere.

Tsono inu amene muli ndi mbale wachialubino, kaya ku Katete kaya ku Angonia, mukamuyang'ane kuseri kwa makutu lero. Chilonda chikatha mwezi osapola, mumuperekeze kuchipatala, ndipo akakubwezani mukapitenso. Inu a kunja, mukamatumiza katundu kumudzi, muikemo chipewa ndi botolo la mafuta aja.

Ine Lachinayi ndikubwerera pabenchi paja kukamva ngati anachotsa zonse. Kabuku kali kale m'chikwama, chipewa chatsopano chili pamsomali.