Za Mayi Avery ndi Thovu la m'Mapapo a Makanda

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za dotolo wina wamkazi wa ku America. Sitinamuonepo ndi maso, koma ntchito yake inafika m'nyumba mwathu.

Kale ndithu pabanja pathu panabadwa mwana wamwamuna masiku asanakwane. Analira pobadwa, ndipo tinakondwera. Koma dzuwa lisanalowe anayamba kubuula, nthiti zilikulowa m'kati pa kupuma kulikonse, milomo yake nida. Tsiku lachiwiri anatisiya. Amayi okha anakamuika mwakachetechete monga mwa mwambo, ife titatsala ndi funso loti: cham'tsamwitsa n'chiyani? Ena anati ndi mdulo, ena analoza chala mnansi, ndipo ubale unasweka pachabe. Sitinadziwe kuti yankho linali litapezeka kale kutsidya kwa nyanja.

Amene analipeza ndiye Mary Ellen Avery, wobadwira ku Camden m'chaka cha 1927. Iye anatsiriza maphunziro a udotolo ku Johns Hopkins mu 1952, napezeka ndi chifuwa chachikulu nthawi yomweyo. Matendawo ndiwo anam'tembenuzira mtima ku mapapo. Atachira anapita ku Harvard, kumene anagwira ntchito ndi Jere Mead, nayamba kupima mapapo a makanda amene anamwalira.

Taonani chimene anaona! M'mapapo a makanda ofa ndi matenda ena munali kathovu, koma m'mapapo a iwo ofa ndi kubanika kuja munalibe. Pakuti m'mapapo mwathu muli timatumba tambirimbiri ta mpweya, tonyowa m'kati. Ndipo zinthu zonyowa zimamatirirana, monga masamba awiri ovumbwa ndi mvula. Tsono thupi limapanga madzi oterera ngati sopo, otchedwa surfactant, oletsa timatumbato kuphwa pamene munthu atulutsa mpweya. Khanda lofulumira kubadwa silinayambe kupanga madziwo okwanira. Kotero limavutika kutsegula mapapo pa kupuma kulikonse, kufikira mphamvu zitatha. Avery ndi Mead analemba zimenezi mu 1959.

Koma kudziwa gwero la nthenda sindiko kuchiza. Mu 1963 mwana wa John Kennedy, mtsogoleri wa dziko la America, anabadwa masiku asanakwane, namwalira ndi nthenda yomweyi ku Boston patapita masiku awiri. Chuma ndi ulemerero sizinam'gulire mpweya. Mayi Avery sanataye mtima. Analemba buku la mapapo a makanda mu 1964, naphunzitsa madotolo ambiri, ndipo mu 1974 anakhala mkazi woyamba kutsogolera madotolo a chipatala cha ana cha ku Boston.

Mutu umodzi susenza denga. Mu 1971 George Gregory wa ku San Francisco anaonetsa kuti kukankhira mpweya mosalekeza m'mapapo a khanda kumaletsa timatumba tija kuphwa. Mu 1972 Graham Liggins ndi Ross Howie a ku New Zealand anapeza kuti jekeseni wobaya mayi asanachire amakhwimitsa msanga mapapo a mwana. Potsiriza, mu 1980, Tetsuro Fujiwara wa ku Japan anathira surfactant wochokera m'mapapo a ng'ombe m'mapapo a makanda 10, ndipo kupuma kwawo kunapepuka. Werengani nokha: zinapita zaka 21 kuchokera pa zolemba za Mayi Avery kufikira pa mankhwalawo. Inde, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nzeruzi zinafikanso kwathu kuno. Madotolo a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi a sukulu ya Rice ya ku America, anakonza makina otsika mtengo otsata njira ya Gregory, nawatcha Pumani. Makinawo amakankhira mpweya m'mphuno mwa khanda, wotsala nutulukira m'botolo la madzi. Mu 2014 analengeza kuti mwa makanda 100 alionse othandizidwa ndi Pumani anakhala ndi moyo 71, pamene mwa opatsidwa mpweya wa okosijeni wokha anapulumuka 44.

Ife tinawaona makinawo pamene mdzukulu wathu anabadwa, nayenso masiku asanakwane. Tinamva kubuula komwe kuja, mitima yathu nisweka, pokumbukira kamanda kaja. Koma anamwino anamuika timapaipi m'mphuno, ndipo usiku wonse agogo ake aakazi anakhala chiyang'anire madzi alikubwata m'botolo. Lero mwanayo amatunga madzi ndi anzake.

Mayi Avery anamwalira mu 2011, osadziwa dzina la mudzi wathu. Tsono inu abambo, ndi inu apongozi amene mawu anu amamveka pakhomo, mverani. Mayi wapakati akayamba kumva kupweteka masiku asanakwane, musadikire kuti kuche, ndiponso musayambe ndi mlandu; fulumirani naye ku chipatala. Khanda likabuula, nthiti zilikulowa m'kati, lifunditseni pachifuwa pa mayi wake, nimunyamuke pomwepo. Mnansi tinam'loza chala uja anamwalira tisanam'pepese, ndipo ichi chimatiwawa kufikira lero.