Kusula Anthu Osamalira Anzawo

Ophunzira ambiri amene amalowa m'kalasi mwanga chaka choyamba amafika ali akatswiri kale pa kulangiza. Ena anali atsogoleri a achinyamata kumpingo, ena anali m'makalabu a Edzi Toto kusekondale, ndipo ena ndi amayi akuluakulu amene ayendetsa sukulu ya mkombaphala m'mudzi mwawo kwa zaka zambiri osalandira ngakhale tambala. Onsewa pakamwa sipawavuta. Munthu akangoyamba kudandaula, iwo yankho ali nalo kale. Choncho ntchito yanga, monga mphunzitsi wa maphunziro a chisamaliro cha anthu ndi chitukuko cha m'madera pa koleji, imayamba ndi kuwaphunzitsa kutseka pakamwa.

Timachita motere. Ndimaika mipando iwiri kutsogolo, mopendekera pang'ono kuti okhalapo asayang'anane m'maso mwa gwa. Wophunzira mmodzi amakhala mayi amene wabwera kuofesi ya chisamaliro cha anthu ya paboma, wina amakhala mlangizi. Mayi uja ndimamunong'oneza nkhani yake kunja kwa chitseko: mwamuna wake amamumenya, koma ayambe ndi nkhani ya fizi ya mwana wa Fomu 1 poti ndi yosavuta kuitchula, ndipo za kumenyedwazo aulule pokhapokha akaona kuti akumvedwa. Ndiye muone zimene zimachitika. Mayi asanafike pena paliponse, mlangizi wathu wayamba kale: "Mayi, musadandaule, Mulungu ndi wabwino. Mwayesapo kachigeni ka tomato? Kwanuko kulibe banki m'khonde?" Kalasi yonse imagwedeza mutu, chifukwa malangizowo ndi abwino ndithu. Mayi amathokoza, amawomba m'manja mwaulemu, n'kunyamuka, nkhani yeniyeni ili mumtima. Ndikaulula zimene ndinamunong'oneza zija, m'kalasi mumangoti zii.

Timabwerezanso, koma ulendo uno mlangizi saloledwa kupereka langizo ndi limodzi lomwe. Angofunsa, ndipo mayi akasiya kuyankhula iye adikire kaye. Kudikirako n'kumene kumawapweteka achinyamatawa. Umaona munthu akutembenuzatembenuza cholembera, akuyang'ana kudenga, thukuta kamukamu. Koma mwa kachetechete momwemo mayi uja amati, "Komanso kunyumbaku sizikuyenda," ndipo wophunzira wochenjera amangoti, "Sizikuyenda bwanji, mayi?" Zimenezi sizilembedwa pabolodi. Ine ndinaziphunzira paofesi ya boma ina kumene ndinagwira ntchito ndisanayambe kuphunzitsa, pa benchi yapakhonde pomwe anthu ankayamba kundanda dzuwa lisanatuluke.

Chachiwiri ndi kulemba. Anthu ambiri sadziwa kuti ntchito imeneyi theka lake ndi pepala. Mwana akapalamula mlandu, majisitireti wa bwalo la milandu ya ana amafuna lipoti lofotokoza kumene mwanayo akuchokera, amene akumulera ndi mmene akukhalira, ndipo lipotilo lingathandize kuti mwana abwerere kwa makolo kapena atumizidwe kumalo osinthira khalidwe monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Ndiye wophunzira akandilembera kuti "mayi a mwanayu ndi osasamala," ndimazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira n'kulemba m'mbali kuti: waona chiyani? Ndikufuna alembe kuti anafika pakhomopo masana napeza ana atatu ali okha, wamkulu wa zaka 9 akuphika, m'thumba mwatsala ufa wosakwana masiku awiri, ndipo anansi anati mayiwo amapita kuganyu mbandakucha n'kubwerako madzulo. Zikalembedwa choncho, wowerenga aliyense amaona yekha kuti vuto la pakhomopo ndi njala. Liwu limodzi lonyoza lingakhale m'faelo zaka ndi zaka, mwini wake osadziwa n'komwe kuti analembedwa choncho.

Malamulo timaphunzitsanso, ndipo apa mphunzitsi sayenera kugona, chifukwa asintha kwambiri m'zaka zino. Pali lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limene linaika kulanda katundu wa amasiye pa mndandanda wa milandu, lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015, ndi lamulo la maukwati la chaka chomwecho limene linati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko n'kutseka mpata umene unalipo woti mwana wa zaka 15 akwatiwe makolo akavomera. Zaka ndi zigawo za malamulowa ophunzira amaloweza mosavuta, ndipo pa mayeso amakhoza. Chovuta ndi funso limene ndimawafunsa pambuyo pake: wafika m'mudzi, mtsikana wa zaka 15 ali pabanja, amalume ake ndiwo analandira chamlomo ndipo anadya kale, nyakwawa ikudziwa, mtsikanayo akuti kunyumba kwa makolo sakubwererako chifukwa kulibe chakudya. Uyamba ndi ndani?

Amene anaphunzira m'mabuku okha amati apita kupolisi basi. Apolisi ali ndi mbali yawo, ndipo pa nkhani yogwiririra mwana palibe kunyengererana kapena kukambirana pansi pa mtengo. Imeneyo ndi ya ku Victim Support Unit ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Koma pa nkhani zambiri za m'banja, mlangizi amene walumpha mwinimbumba, ankhoswe ndi amfumu amapambana lero lokha, mawa akafikanso m'mudzimo amapeza zitseko zotseka. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zimene anachita Senior Chief Kachindamoto ku Dedza, pothetsa maukwati a ana ambirimbiri ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewu, zinatheka chifukwa mawuwo anachokera mkati mwa ufumu womwewo. Mabuku ambiri amene ali mulaibulale yathu analembedwa ku Britain ndi ku America, kumene mlangizi amakumana ndi munthu mmodzi m'chipinda chotseka. Kuno munthu amabwera ndi azakhali ake, ndipo azakhaliwo ndi amene amayamba kuyankhula. Mabukuwo ndi othandiza, sindiwanyoza, koma mphunzitsi ayenera kudziwa tsamba limene angawerenge monga lilili ndi limene ayenera kuliika kaye pansi n'kufotokoza za kwathu.

Ndatalikitsa dala pamenepa chifukwa achinyamata amene amandifunsa za mwayi wa ntchito ya uphunzitsi wa pakoleji amafunsa za mapepala okha. Tiyeni tinene za mapepalawo.

Malo ophunzitsirako alipo, ndipo achuluka kuposa mmene zinalili ife tikuyamba. Kwa nthawi yaitali alangizi a chitukuko ndi a chisamaliro cha anthu ankasulidwa pa koleji ya boma ya Magomero ku Chiradzulu, imene ili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Lero digiri ya Social Work ikupezeka pa University of Malawi ku Zomba, pa Catholic University ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006, komanso pa DMI-St John the Baptist University ku Mangochi. Ku Mzuzu, sukulu ya St John of God imasula anthu pa uphungu ndi matenda a maganizo. Kupatula amenewa, m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muli makoleji ang'onoang'ono omwe si aboma amene amaphunzitsa masatifiketi ndi madipuloma a Community Development, ena masana, ena madzulo ndi Loweruka. Kumeneku n'kumene ambiri a ife tinagwirira choko koyamba.

Chizolowezi chake n'chakuti uyenera kukhala ndi pepala loposa limene ukuphunzitsa. Wa digiri yoyamba angaphunzitse a dipuloma. Wofuna kuphunzitsa a digiri nthawi zambiri amafunika Masters, ndipo kuti akwere mpaka pamwamba pafunika PhD ndi kafukufuku wosindikizidwa. Mayunivesite a boma nthawi zina amatenga wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri n'kumulemba ngati wothandizira, kenaka n'kumutumiza kusukulu. Bungwe la NCHE, limene limalembetsa ndi kuyendera sukulu za ukachenjede, likabwera limafuna kuona mapepala a aphunzitsi, ndipo n'chifukwa chake makoleji amasakasaka anthu a Masters nthawi yoyenderedwa ikayandikira. Ntchito zimalengezedwa m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, koma masiku ano chilengezo chimayamba kuzungulira m'magulu a pa WhatsApp nyuzi isanafike n'komwe paofesi.

Ndinene mosabisa: malo okhazikika ndi ochepa, ndipo amene alipo sachokapo msanga. Ambiri amayamba ndi ganyu, kulipidwa pa ola limene aima kutsogolo kwa kalasi. Ola lokonzekera silowerengedwa, usiku wochonga mapepala suwerengedwa, ndipo pa koleji ina imene ndinaphunzitsapo malipiro ankadikira kuti ophunzira amalize kaye kulipira fizi. Umapeza mphunzitsi mmodzi m'mawa ali kwina, masana wakwera kabaza kuthamangira kwina, notsi zake ndi zomwezo kungosintha dzina la koleji pamwamba. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya pa ola ija inatsala yongokwanira minibasi ndi bandulo ya intaneti. Amene amapirira ndi aja ali ndi ntchito ina, kuboma kapena kubungwe, n'kumaphunzitsa madzulo. Chodabwitsa n'chakuti amenewa ndiwo kawirikawiri amaphunzitsa bwino, poti nkhani imene anakumana nayo m'mawa amafika nayo m'kalasi ikadali yotentha, atangochotsapo mayina ndi mudzi.

Mbali ya ntchito imene ndimaikonda, ngakhale imatopetsa, ndi yoyendera ophunzira akakhala ku atachimenti. Timawamwaza m'maofesi a boma a chisamaliro cha anthu, m'zipatala, kundende, kumalo osungira ana ndi m'mabungwe. Kuwapezera malo kumafuna kudziwana ndi anthu, ndipo mphunzitsi amene sanagwirepo ntchito kunjaku amasowa womuimbira foni. Ena amakathera pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse. Kumeneko amaphunzira chinthu chimene kalasi singawapatse: kufotokozera gogo amene dzina lake silinatuluke chifukwa chimene la mnansi wake latulukira, pamene onse awiri anagona ndi njala. Namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu March 2023, ophunzira ndi aphunzitsi a maphunziro athu ambiri anapezeka m'misasa ya m'sukulu ndi m'matchalitchi, akulemba mayina a ana otayana ndi makolo ndi kukhala pansi ndi anthu amene anataya abale m'matope a ku Chilobwe ndi ku Phalombe. Amene anabwerako kumeneko anabwera ali anthu ena, ndipo ena a iwo anafunika uphungu iwo eni. Kusamalira wophunzira amene wasenza zowawa za anthu ena ndi ntchito ya mphunzitsinso, ngakhale m'kalata yolembedwera ntchito mulibe.

Ndikafika pamalo a atachimenti sindiyamba ndi fomu ya malikisi. Ndimapempha buku limene wophunzira amalembamo za tsiku ndi tsiku, kenaka ndimafunsa mlonda kapena mayi wosesa kuti mwanayu amafika nthawi yanji ndipo anthu a pabenchi amawalonjera bwanji. Bwana wa paofesi amakonda kupereka malikisi okwera kuti asakhumudwitse koleji. Wosesa sanama. Mtsikana wina amene m'kalasi ankakhala kumbuyo, mayeso ake apakatikati, ndinamupeza atavula nsapato, wakhala pamphasa ndi agogo awiri, wavala chitenje chobwereka, akuwalongosolera fomu m'Chilomwe chimene sindinkadziwa kuti amachiyankhula. Atandiona anafuna kudzuka, nati, "Madamu, pepani, ndimalize kaye ndi agogowa." Ndinadikira panja.

Masiku ano ndimakhalako pa gulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito ya uphunzitsi. Mapepala timawaona kale tisanawaitane, ndiye pa intavyu timamupatsa munthu mphindi zochepa kuti atiphunzitse ngati ndife ophunzira a chaka choyamba. Ambiri amabwera ndi laputopu ndi masilaidi okongola odzaza mayina a akatswiri akunja, ndipo magetsi akazima phunziro limazimira pomwepo. Ine funso langa limakhala limodzi: tiuzeni za munthu mmodzi amene munayesa kumuthandiza koma sizinatheke, ndipo munachita chiyani pambuyo pake. Amene anagwirapo ntchito kumudzi amayamba wapumira m'mwamba, kenaka amafotokoza mosamala, osatchula dzina la munthuyo ngakhale titamukakamiza. Amene anachoka pa digiri yoyamba n'kulunjika ku Masters osapondako kumudzi amatiuza za kafukufuku wake. Woteroyo sitimutaya, timamulangiza kuti akagwireko kaye ntchito paofesi ya boma kapena pa bungwe lina kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ngakhale mongodzipereka, kenaka adzalembenso kalata malo akadzapezeka.