Botolo Limene Linakana Kuwala

Inu amene mukonzekera nchito ya uphunzitsi, lolani kuti ndikusimbireni za tsiku limene ndinacita manyazi pamaso pa kalasi lonse, pakuti tsiku lotere lidzakufikirani inunso.

Ndinali kuphunzitsa Giredi 5 pa sukulu ina ya kudera la Tamanda, kufupi ndi malire a dziko la Malawi. Munali m'mwezi wa January, sukulu zitangotsegulidwa, pamene mtsikana wina anandibweretsera kacubu ka pulasitiki kotalika ngati pensulo, kokhala ndi timadzi tobiriwira m'kati mwake. Amalume ake anakagula ku Chipata. Usiku wolowa Caka Catsopano anakapinda, kanalira kuti thyo, ndipo kanawala kufikira tambala woyamba. Kutaca kanapezeka katazima. Mwanayo anagwada, nati: "Aphunzitsi, kodi moto wake unapita kuti? Nanga sitingaikemo wina?"

Yankho loona linali lakuti sindidziwa. Koma mphunzitsi wacinyamata amaopa mau amenewa koposa njoka, motero ndinalonjeza kuti sabata lamawa tidzapanga kathu. Mnzanga wina anali atandionetsa pa foni cithunzi coyenda ca munthu wosakaniza cakumwa ca m'botolo, soda wophikira therere ndi peroxide wotsukira zilonda, botolo nkuwala ngati mwezi. Loweruka ndinapita ku Chipata kukagula zinthuzo ndi ndalama za m'thumba mwanga. Lolemba tinatseka mazenera ndi matumba ndiponso zitenje, ana nakhala cete. Ndinathira, ndinakhuchumula, ndinadikira. Munangotuluka thovu. Patapita nthawi mnyamata wina wa kumbuyo anati, mwaulemu ndithu: "Kapena lifuna mdima wa usiku weniweni, Aphunzitsi." Akanandiseka kukanakhala bwino, cifundo cakeco cinandilasa koposa.

Cithunzi cija cinali cinyengo, ndipo zinthu zitatuzo sizingatulutse kuwala ngakhale mutazigwedeza tsiku lathunthu. Ndinadziwa zimenezi nditafunsa odziwa sayansi ndi kuwerenga, cinthu cimene ndinayenera kucita ndisanalonjeze. M'kati mwa kacubu ka pulasitiki muli kacubu kena ka galasi lopyapyala. Tiwiriti tisunga mankhwala amene sayenera kukumana nthawi isanakwane: kwina kuli peroxide, kwina kuli mankhwala ochedwa oxalate pamodzi ndi utoto. Kulira kwa thyo kuja ndiko kusweka kwa galasi. Pamenepo peroxide ndi oxalate zisakanikirana ndi kusandulika zinthu zina, ndipo mphamvu yotuluka pa kusandulikako ilandiridwa ndi utoto, umene uibweza monga kuwala. Mtundu wa kuwalako, kaya wobiriwira kaya wofiira, ucokera ku utotowo. Mankhwala akatha kusandulika, kuwala kuthanso, ndipo palibe cobwezeramo. Njira imeneyi anaitulukira ndi Edwin Chandross wa ku Bell Labs m'dziko la America kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, ndipo akatswiri a kampani ya American Cyanamid anaikonza kufikira inakhala cinthu cogulitsa. Oxalate woteroyo simungamupeze m'golosale kapena m'khichini. Ndikucenjezeninso kuti musalole ana kudula kacubuko, cifukwa muli tizidutswa ta galasi ndipo madzi ake amalyalya m'maso. Ndiponso musayese kusakaniza Jik ndi mankhwala ena pofuna zodabwitsa, pakuti mpweya wotulukapo ungapweteke cifuwa.

Ndinabwerera kwa ana ndi kuwauza poyera kuti ndinanamizidwa, ndipo inenso ndinawanamiza. Palibe amene anaseka. Tsikulo ndinali ndi ticubu tiwiri tatsopano. Tinatipinda nthawi imodzi, kena tinakaika m'madzi ozizira a mumtsuko, kena m'madzi ofunda a m'ketulo. Ka m'madzi ofunda kanawala kwambiri, koma ndiko kanayamba kufooka. Ka mumtsuko kanawala mwaulesi ndipo kanakhalitsa. Kutentha kufulumizitsa kusandulika kwa mankhwala, monga momwe thobwa lisasira msanga m'mwezi wa October kusiyana ndi m'mwezi wa June. Fanizo limeneli silinali langa ai, linacokera kwa mwana wina amene amai ake anali kugulitsa thobwa.

Tsono apa ndi pamene phunziro la Cinyanja linayambira, ine ndisanaganizeko. Ndinalemba pa bolodi kuti, "Kacubu kakuyaka." Mtsikana uja anakweza dzanja. "Pepani Aphunzitsi, sikakuyaka. Cinthu cikayaka cimatentha, cimatulutsa utsi, cimasiya phulusa. Aka ndakagwira, nkozizira." Mkangano unabuka, ndipo ndinaulekerera dala. Pofika nthawi yoweruka bolodi linali lodzaza. Nkhuni ziyaka. Mwezi uwala. Malata atsopano anyezimira, koma dzuwa likalowa aleka, cifukwa kuwalako nkobwereka. Mphezi ing'anima. Nyenyezi zithwanima. Anawonjezapo mau ofanizira: waliwali, nyezinyezi, thwanithwani, ndi ngwee, liu lomwe lija dziko lathu linapatsa ndalama yake yaing'ono m'caka ca 1968. Taonani kuti posankha pakati pa kuyaka, kuwala ndi kunyezimira, anawo anali kusiyanitsa moto, kuwala kopanda kutentha, ndi kuwala kobwezedwa. Imeneyi ndi sayansi yeniyeni, ndipo mau ake anabwera nawo kucokera kunyumba.

Mnyamata wa cifundo uja ndiye anakumbutsa za ciphaniphani. Nyengo ya dzinja madambo a kumeneko amadzaza ndi tizilombo timeneti, ndipo palibe mwana amene sanakafumbatepo m'manja osapsa. Ciphaniphani cicita m'mimba mwake nchito yofanana ndi ya kacubu, ngakhale mankhwala ake ndi ena: luciferin akumana ndi okosijeni mothandizidwa ndi luciferase, maina amene anaperekedwa ndi Raphaël Dubois wa ku France m'zaka za m'ma 1880. Kuthwanimako ndi njira imene camuna ndi cacikazi ziitanirana mumdima. Madzulo ena ana okhala pafupi anagwira zingapo, tinaziika m'botolo lomwe lija linandicititsa manyazi, titalitsuka bwino ndi kuboola civundikiro. Linawala ndithu tsiku limenelo. Titatha kuyang'ana tinazimasula pa udzu.

Malamulo a cilankhulo cophunzitsira asinthasintha m'dziko muno. M'caka ca 1966 Cingerezi cinaikidwa kuyambira Giredi 1, ndipo m'caka ca 2014 zilankhulo zathu zinapatsidwa magiredi anai oyambirira. Lamulo liri lonse limene mudzapeze ku sukulu yanu, ola la Cinyanja lidzakhalabe m'manja mwanu, ndipo ndikupemphani kuti musalidzaze ndi nthano za kalulu zokha, ngakhale kuti nazonso nzabwino. Bweretsani cinthu cogwirika, mucione kaye nokha usiku wake kuti cicitadi zimene muyembekeza, kenaka lembani ciganizo cimodzi pa bolodi ndi kulola ana acitsutse. Mau ngati oxalate asiyeni momwe aliri. Kuwakakamiza kuvala Cinyanja kusokoneza cabe. Koma pa zimene maso aona ndi zimene manja amva, funani liu lenileni kufikira lipezeke.

Lacisanu lake ndinapatsa kalasi cimangirizo ca mutu wakuti "Kuwala Kosatentha". Mtsikana uja analemba masamba awiri. Anafotokoza za galasi losweka, za mtsuko ndi ketulo, napereka uphungu kwa amalume ake kuti caka camawa adzagule tiwiri, kena adzakagoneke m'madzi ozizira. Pa mzere wotsiriza anafunsa cifukwa cake ciphaniphani sicitha mankhwala monga kacubu. Ndinalemba m'mphepete ndi inki yofiira kuti yankho ndidzabwera nalo Lolemba, ndipo Loweruka ndinakweranso galimoto ya ku Chipata.