Nyanja ya M'galasi

Bambo wina wa ku Chembe, m'boma la Mangochi, amalandira malipiro ake ku Cape Town chifukwa chotsuka madzi. Akamauza anzake a kumudzi amamuseka, poti kwawo madzi ndiwo amatsuka zinthu. Adakulira m'bwato, akudziwa mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear monga mbusa adziwira mbuzi zake. Atafika ku Joni adapeza ganyu yosamalira maluwa panyumba ina ku Constantia. M'chipinda chochezera cha nyumbayo mudali thanki yagalasi ya malita 600, yodzaza madzi amchere, nsomba zamawangamawanga ndi makorali, tizilombo tooneka ngati nthambi zamwala.

Tsiku lina akupukuta mawindo adaona nsomba zikupuma mwaphuma pamwamba pa madzi. "Bwana, madziwa adwala," adatero. Bwanayo atayeza adapeza kuti pampu ina idaima usiku. Kuyambira pamenepo thankiyo idakhala m'manja mwake.

Adayamba ndi funso limene aliyense wa kunyanja angafunse: bwanji osakatunga madzi ku gombe, nyanja ili pafupi chonchi? Adamuyankha kuti nyanja ya Atlantic kumeneko ndi yozizira chifukwa cha mkokomo wa madzi wa Benguela, pomwe makorali amafuna madzi ofunda pafupifupi madigiri 25, onga a ku Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal. Komanso madzi a m'mphepete mwa mzinda amatenga zonyansa. Choncho nyanja ya m'galasi imachita kupangidwa: madzi a pampopi amayeretsedwa mpaka atsale opanda kanthu, kenaka amathiramo mchere wogula, magalamu pafupifupi 35 pa lita iliyonse.

Makina oyeretsera adali kuseri kwa khitchini, ndipo madzi amadutsa zipata zinayi. Poyamba pali sefa yogwira dothi ndi dzimbiri la m'mapaipi. Kenaka pali makala opanikizidwa, amene amayamwa klorini, chifukwa klorini amapha za m'thanki ndiponso amawononga chipata chachitatu. Chipata chimenecho ndi kachikopa kopyapyala kotchedwa membrane. Madzi amakankhidwa mwamphamvu kuti abooleze, ndipo mchere ndi zitsulo zosungunuka zimatsalira. Pomaliza pali timikanda tabuluu togwira zotsala zonse, timene timasanduka tofiirira tikatopa. Kachipangizo ka TDS kamawerenga zosungunuka m'madzi, ndipo lamulo lidali limodzi: kakapanda kuonetsa 0, madziwo asalowe m'thanki.

Chimene chidamuwawa mtima ndi paipi ina yopyapyala yopita ku ngalande. Kachikopa kaja sikayeretsa madzi onse. Pa lita imodzi yoyera, malita pafupifupi 4 amatuluka ndi zotsalira n'kutayika. Sabata iliyonse amasintha malita 60, kutanthauza kuti pampopi pamachoka malita 300.

M'zaka za mvula palibe adawerengako zimenezi. Koma chilala chidakhazikika kuyambira 2015, damu la Theewaterskloof lidaonetsa mchenga ndi zitsa, ndipo pa 1 February 2018 munthu aliyense mumzindamo adalamulidwa kusapitirira malita 50 patsiku. Tsiku lotseka mipopi, limene ankalitcha Day Zero, lidaikidwa m'mwezi wa April. Bamboyo ankaona mizere ya anthu ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands, akudziwa kuti nsomba zake zimadya tsiku limodzi gawo la anthu 6. Pofuna kupulumutsa madzi, mzinda udachepetsa mphamvu ya madzi m'mapaipi. Kachikopa kaja kakasowa mphamvu kamayeretsa pang'ono n'kutaya ambiri, motero paipi ya ku ngalande idayamba kuchucha nthawi yaitali kuposa kale.

Apa ndi pomwe adalakwa. Madzi a m'thanki amauma tsiku ndi tsiku, mchere n'kutsala, ndipo amayenera kubwezeretsedwa ndi madzi oyera opanda mchere. Iye adaganiza kuti malita ochepa a pampopi sangaphe kanthu, poti anthu akumwa omwewo. Adachita zimenezi mwakachetechete kwa masabata atatu. Ndere yofiirira idakuta galasi ndi mchenga, pakuti madzi a pampopi amabwera ndi zakudya za ndere. Makorali adafinyika, ndipo nthambi imodzi yomwe bwana adailera zaka zambiri idasupuka n'kutsala fupa loyera.

Usiku umenewo sadagone. Ntchitoyo ndiyo inkalipira fizi ya mwana wake wamkazi ku sekondale, ndiyo idafolera nyumba ndi malata. Akadatha kunamizira chilala, ndipo palibe akadamutsutsa. Koma adadziwa kuti akabisa chifukwa, adzafunafuna matenda kolakwika ndipo thanki yonse idzatha. M'mawa adaima pakhomo la khitchini chipewa chili m'manja. "Bwana, ndalakwa ndine. Ndimathira madzi a pampopi. Mtima sumandilola kutaya madzi anthu ali pamzere."

Bwanayo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adapempha kuti amuonetse paipi ya ku ngalandeyo. Adaika chidebe pansi pake, naona mmene chidadzazira msanga. Zidaoneka kuti mwini makinawo adali asadayezepo.

Sabata yomweyo adagula pampu yowonjezera mphamvu ya madzi asadafike pa kachikopa. Adalumikizanso kachikopa kachiwiri kuti madzi okanidwa ndi koyamba apatsidwe mwayi wina, ndipo otayika adatsika pafupifupi ndi theka. Paipi ija adaichotsa ku ngalande n'kuilozetsa m'migolo. Madziwo, amene sadali akuda koma ochulukirako mchere pang'ono, adayamba kugwira ntchito kuchimbudzi, pokolopa ndi pochapa. Bamboyo adagula kope, nayamba kulemba tsiku losintha sefa ndi makala, mtundu wa timikanda, ndi nambala ya TDS m'mawa uliwonse. Adachepetsa chakudya cha nsomba kuti madzi asamade msanga, nayamba kusintha ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: padatha miyezi ndere isadagonje, koma makorali otsala adatambasukanso.

Day Zero sidafike. Mvula ya m'nyengo yozizira ya 2018 idagwa, malamulo adafewa, ndipo mu 2020 madamu adadzaza. Migolo ija sadaichotse.

M'chaka cha 2022 kolera idabuka ku Malawi, ndipo Mangochi adali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Mkazi wake adaimba foni usiku. "Abambo a mwana, kuno anthu akugonekedwa m'matenti. Madzi tikutunga kunyanja komwe kuja." Adatumiza ndalama m'mawa mwake, nalamula kuti agule mankhwala a klorini ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro, ndipo pasapezeke womwa madzi osathira mankhwala. Adabwereza kawiri kuti akathira adikire mphindi 30.

Ataika foni m'thumba adapita kuseri kwa khitchini, poti lidali tsiku losintha makala. Adamasula chibotolo, natulutsa makala akale amene kwa miyezi adakhala akuchotsa m'madzi mankhwala omwewo amene adangotumizira ana ake. Adaika atsopano, natsegula mpopi, nadikira mpaka kachipangizo kadaonetsa 0. Kenaka adalemba tsikulo m'kope, nanyamula chidebe cha ku migolo kukathirira maluwa.